Tsiku Limene Mkazi Wanga Anakana Kuyang'ana Nyani

Ine ndine munthu wosachedwa kukayikira, ndipo sindikana. Munthu akandipatsa moni wautali kwambiri ndimayamba kuganiza kuti akufuna kubwereka chiyani. Choncho pamene anthu ena anabwera kudzazunguliza waya phiri la kuseri kwa mudzi wathu, cha ku Mphunzi kuno, n'kumati akufuna kusungamo nyama zovulala ndi zamasiye, woyamba kunena kuti pali chimene akufuna kukumba pansi ndinali ine. Nyani wamasiye? Ife timaswera m'minda kuthamangitsa anyani kuti tikolole kachimanga, wina n'kubwera pagalimoto kudzawagulira nthochi? Zinandikanika kuzimvetsa.

Sanakumbe kanthu. Anamanga tinyumba tozungulira tofolera ndi udzu, naikamo magetsi a dzuwa, ndipo alendo anayamba kubwera kuchokera ku Lilongwe ndi kunja komwe kudzagona m'nyumba za mtundu umene ife tinkavutika kuti tichokemo tikhome malata. Malowo tinkangowatchula kuti kuloji.

Amene anapindula nako poyamba m'nyumba mwathu ndi mkazi wanga. Anapeza msika wa ndiwo zake kukhitchini ya kumeneko. Lachiwiri ndi Lachisanu ankasenza dengu la kabichi, karoti, kachewere ndi nsawawa n'kukwera nalo phiri, ndipo masamba akunja a kabichi, amene kale tinkataya kudimba, ankawamanga padera kuti akadye anyani. Zotsala ndinkapita nazo ine panjinga ku Linthipe. Tinachita choncho zaka zitatu popanda chovuta.

Chovuta chinali kwina. Tinali titakhala m'banja zaka zisanu ndi ziwiri, ukwati wodalitsa kutchalitchi, koma m'nyumba munalibe mwana. Mimba inabwerapo imodzi yokha, chaka chachiwiri, ndipo inapita padera. Anzanga onse a msinkhu wanga ankaitanidwa kuti bambo a uje, ine ndinkaitanidwabe dzina langa ngati ndili pasukulu. Komanso ndinali mkamwini, pamudzi pa eni ake. Azakhali a mkazi wanga, mayi amene ndiye ankayendetsa za pabanjapo, ankakonda kunena pagulu kuti, “Mkamwini wathuyu kulima kokha ndiye amatha.” Ankanena akumwetulira, koma mawu oti “kokha” ankawakoka dala kuti ndiwamve bwino.

Ndinkadziwa zimene zimachitikira mkamwini wotere. Amamuonetsa msana wa njira, kapena ngati akumufunabe chifukwa cha khasu lake, akuluakulu amapangana mobisa n'kupeza mwamuna wina woti athandize, mwiniwake osadziwa. Ansembe amaletsa zimenezo, inde, koma ansembe sagona m'mudzi. Ndinkaopa kutaya mkazi wanga, ndipo ndinkaopa kwambiri kumusunga ali wogawana ndi wina. Mantha amenewo sindinauzepo munthu.

Mu Epulo chaka chimenecho mkazi wanga anangoti, “Kuloji kuja muzipitako ndinu.”

“Chifukwa?”

“Mtunda uja ukunditopetsa.”

Mtunda umene anaukwera zaka zitatu akuyimba nyimbo za kukwaya unayamba kumutopetsa sabata imodzi. Ndinangoyamba kuona. Anayamba kupitapita kunyumba kwa azakhali ake, ndipo ndikatulukira, nkhani inkaduka, wina n'kuyamba kufunsa za mtengo wa feteleza. Pamphasa ankatembenukira kukhoma n'kumati msana ukuwawa. Masiku ena ndinkamupeza atangokhala pakhonde, maso ali kutali, akumwetulira yekha. Munthu samwetulira yekha popanda chimene akukumbukira.

Ndiye kunali gaidi. Ameneyu anali mwamuna amene ankayendetsa alendo kukaona nyama, wamtali, wa yunifomu yobiriwira ndi jombo zopolisha, wolankhula motsitsa mawu ngati katekisiti pamaliro. Ine munthu wofatsa kwambiri sindimukhulupirira. Tsiku loyamba kufika ndi ndiwo panjinga anandilandira pageti n'kufunsa, “Amayi ali bwanji? Asowatu.” Lachisanu anafunsanso. Sabata yotsatira anawonjezera kuti, “Mukawapatse moni.” Moniwo sindinaufikitse. Ndinautaya m'njira, pamodzi ndi malovu.

M'mutu mwanga nkhani inali itatha kale kulukidwa. Mwina anali pachibwenzi ndipo ayambana, kapena azakhali aja ndiwo anakonza zonse ndipo tsopano awauza kuti atalikirane anthu asanazindikire. Nkhanga zinapangana kusanache. Chimene ndinkasowa chinali kuwaona awiriwo ali pamodzi, maso ndi maso, chifukwa nkhope sidziwa kunama ngati pakamwa.

Mwayi unabwera mu Juni. A kuloji anaitana onse amene tinkawagulitsa ndiwo, nkhuni ndi mkaka kuti tibwere Loweruka lina, aliyense ndi mnzake wa pabanja, tidzaone nyama pafupi mwaulere monga amaonera alendo. Nditamuuza mkazi wanga, anayankha asanaganize n'komwe.

“Pitani nokha, bambo. Ine nyamazo ndinaziona kale.”

“Aitana mabanja.”

“Mukanene kuti sindikupeza bwino.”

“Kodi kumeneko kuli ndani amene mukuopa kukumana naye?”

Anandiyang'ana. Ndinaona kuti pali mawu amene afika pakhosi n'kubwerera. Kenako anati, “Chabwino, tipita,” n'kutuluka kukatunga madzi ngakhale mitsuko inali yodzaza.

Loweruka kunacha ndi nkhungu, kuzizira kwa ku Dedza kuja koluma makutu. Mkazi wanga anavala juzi yaikulu, chitenje m'chiuno, china pamapewa. Tinayamba kukwera phiri. Iye ankapumira pafupipafupi, ine n'kumati mumtima, kokani miyendo momwemo, tikafikabe.

Tinalipo mabanja angapo, ambiri odziwana nawo a m'midzi yoyandikana. Anatikhazika pa matebulo a matabwa pansi pa chisakasa chachikulu, pomwe amadyera alendo, n'kutibweretsera tiyi, buledi ndi mazira owiritsa. Amene ankagawa anali mayi wachikulire wophika kukhitchini, yemwe ankalandira ndiwo kwa mkazi wanga zaka zonsezo. Atafika pa ife anamupatsa moni mwachisangalalo, kenako anamuyang'ana kamodzi kuchokera kumaso mpaka m'manja, n'kudumpha mbale yake osaikamo dzira. Anabwerera kukhitchini n'kumubweretsera mbatata yootcha. Palibe amene anapempha, palibe amene anafotokoza. Mazira awiri anaikidwa m'mbale mwanga.

Ndinati, ohoo, mpaka kukhitchini akudziwa zimene mkazi wanga amakonda, ndiye kuti kuno sankangotula dengu n'kubwerera. Mazirawo ndinadya onse awiri, koma anatsika ngati miyala.

Gaidi anabwera tikumaliza tiyi. Anapereka moni kwa onse, ndipo atafika pa mkazi wanga anati, “Amayi, mwatitaya chonchi?” Iye anayankha akuyang'ana pansi, “Tilipo, achimwene.” Ine maso anali pa onse awiri ngati munthu wolondera nkhuku ziwiri pamsika.

Anatitsogolera kulowa mumpanda. Ndinene zoona, malowo ndi okongola, ndipo zimenezo zinandikwiyitsanso, chifukwa phirilo ndinkalidziwa lili lometedwa ndi nkhwangwa zathu ndipo tsopano mitengo ya masuku inali itaphukanso. Tinaona mbidzi zitatu zikudya msipu pafupi kwambiri moti tinkamva kutafuna kwake. Bambo wina wogulitsa nkhuni anafunsa ngati nyama yake imakoma, anthu n'kuseka, gaidi n'kuyankha kuti funso limenelo alendo a kunja safunsa. Anatiuza kuti tisathamange, tisakuwe, ndipo nyama ikabwera tisaitambasulire dzanja mpaka iye atanena.

Kenako tinafika pa khola la kambawala kamene make anaphedwa ndi agalu a alenje. Kanali kakang'ono, miyendo ngati mapesi, ndipo kankamwa mkaka wa m'botolo. Gaidi anafunsa amene akufuna kukamwetsa. Mkazi wanga anagwada yekha osadikira, nalandira botolo, kambawala n'kuyamba kukoka kakugwedeza kamchira. Anaseka. Ndinali ndisanamve kuseka kumeneko kwa milungu yambiri. Gaidi anawerama n'kukweza pang'ono kumbuyo kwa botolo kuti mkaka utsike bwino, ndipo chala chake chinali pafupi ndi chala cha mkazi wanga. Sichinakhudze. Ndinayang'anitsitsa, sichinakhudze, koma mtima wanga unalemba kuti chakhudza.

Nanenso anandipatsa botolo. Kamphuno ka kambawala kanali konyowa ndi kozizira, ndipo kanandinyambita pachikhatho. Kwa kanthawi ndinaiwala chimene ndinabwerera. Ndinachikumbukira titangoimirira.

“Tsopano tikaone mkulu wa pano,” anatero gaidi.

Mkulu wa pamalopo anali nyani wamphongo amene aliyense wopita kuloji ankamudziwa. Anakodwa pa khwekhwe ali wamng'ono, waya n'kumung'amba mlomo wapamwamba mpaka pamphuno, moti mano ankangokhala pamtunda, ndipo diso limodzi linayera. Kuthengo sakanatha kubwerera. Anazolowera anthu, ndipo alendo ankaloledwa kumupatsira nthochi pawaya, iye n'kulandira ndi dzanja mwaulemu ngati munthu. Masamba a kabichi a kudimba kwathu ambiri ankathera mwa iyeyu, ndipo mkazi wanga ankabwera kunyumba n'kumasimba za iye ngati akusimba za m'bale wake.

Tisanakhote pa thanthwe lomwe limabisa mpanda wake, mkazi wanga anayamba kutsalira. Nyani uja anamva mawu a anthu n'kuyamba kukuwa, ndipo titatulukira anathamanga m'mbali mwa waya kulunjika kumene kunali iye, chifukwa anamuzindikira. Mkazi wanga anatembenuka msangamsanga n'kupereka msana. Anakoka chitenje cha pamapewa n'kudziphimba kumutu, nkhope italoza kuphiri.

Gaidi anaona. Anaima pang'ono ngati munthu amene wakumbukira kuti wasiya moto m'nyumba. Kenako anayenda n'kukaima pakati pa mkazi wanga ndi wayayo, kumutchinga ndi thupi lake, n'kunena motsitsa, “Pepani amayi, sindinadziwe. Dzerani kanjira aka, mukatidikire pa benchi paja. Musacheuke.”

Pamenepo magazi anandikwera kumutu. Mwamuna wina akutchinga mkazi wanga, akumupepesa, akumunong'oneza zinthu zimene awiriwo akumvana, ine mwiniwake nditaima ngati chitsa.

“Sapita kulikonse,” ndinatero. Ndinamugwira pamkono. “Tembenukani. Nyaniyu mwamudyetsa zaka zitatu, lero ndiye wakuchititsani manyazi? Kapena manyaziwo ndi a bambo awa?”

“Ndisiyeni, chonde,” anatero ali m'chitenje.

“Tembenukani ndione nkhope yanu!”

Ndinakoka chitenjecho n'kuchichotsa. Anatsinzina mwamphamvu n'kuphimba maso ndi manja onse awiri. Amayi amene tinali nawo anayamba kulankhula onse nthawi imodzi, ndipo mmodzi wachikulire, wogulitsa mkaka, anandimenya padzanja ngati mwana woba ndiwo.

“Bambo inu, musiyeni mwanayo! Kodi mulibe maso?”

“Ndione chiyani? Nonsenu mukudziwa, eti? Chitsiru ndine ndekha?” Ndinatembenukira kwa gaidi. “Inu achimwene, tandiuzani pamaso pa anthuwa. Mkazi wanga mumamudziwa bwanji kuposa ine?”

Ndinkayembekezera kuti akana, kapena akwiya, chifukwa wolakwa amachita chimodzi mwa ziwirizo. Iye anangondiyang'ana ndi chisoni, chimene chinali chowawa kuposa chibakera.

“Bambo,” anatero, “ine ndili ndi ana anayi. Pa womalizayo, mayi awo sankadutsa pa mpanda uno.”

Nyani uja ankangokanda waya kupempha nthochi yake. Mkazi wanga anatola chitenje pansi maso ali chitsinzinire, n'kuyamba kuyenda m'kanjira kaja akupapasa udzu ndi phazi. Ndinamutsatira. Kumbuyo ndinamva mayi wa mkaka akuti, “Amuna enawa kukula thupi chabe.”

Zimenezi ndinkazidziwa kuyambira ndili mwana. Mayi woyembekezera sayang'ana chinthu cha nkhope yoipa kapena yopunduka, kuopa kuti mwana angatengere. Sadyanso mazira, amati mwana angabadwe wopanda tsitsi. Kuchipatala amati zonsezo n'zabodza, ndipo mwina akunena zoona, koma munthu amene wadikira zaka zisanu ndi ziwiri sangayesere pa mwana wake kuti aone wolondola ndani. Wophika anaona ndi diso limodzi, gaidi anaona, mayi wa mkaka anaona. Ine amene ndinakhala miyezi iwiri ndikuyang'anitsitsa mkazi wanga usana ndi usiku sindinaone kanthu, chifukwa ndinkafunafuna china.

Benchi inali pansi pa mtengo, poyang'ana kuchigwa. Nkhungu inali itayamba kuchoka ndipo madimba a kwathu ankaoneka kumunsi. Anakhala kumapeto kwenikweni. Ine ndinakhala kumapeto enawo.

“Miyezi ingati?” ndinafunsa.

“Uno ndi wachinayi.”

“Osandiuza bwanji?”

Sanalire. Akanalira bwenzi zili bwinoko. Analankhula mofatsa, akukonza mphonje za chitenje pamwendo.

“Ulendo woyamba uja ndinakuuzani m'mawa. Pofika masana msika wonse wa Linthipe unali utadziwa. Munagulira anthu thobwa, mpaka amene sitilankhulana nawo. Pasanathe milungu iwiri ndinali m'chipatala ku boma, manja ali lende. Kaya ndi anthu anachita, kaya ndi Mulungu, ine sindidziwa. Koma azakhali anati ulendo uno pakamwa panu tipadikire kaye mpaka mimba ilimbe. Ndimafuna ndikuuzeni mwezi ukatha uno. Tsiku lililonse ndimafuna ndikuuzeni, ndimachita kudziluma lilime.”

Kenako anadzutsa mutu n'kundiyang'ana.

“Lero mwalengeza nokha. Pamaso pa midzi itatu, ndi mwano pamwamba.”

Apa ndi pamene mwamuna wanzeru akanagwada pansi. Ndinamva chimwemwe, zoona, chinabwera ngati madzi otentha pachifuwa, ndipo manyazi anabwera nacho limodzi. Ndinkafuna kuseka, ndinkafuna kubisala. Koma kukayikira kukakhala mwa munthu nthawi yaitali sikutuluka chifukwa choti wamva nkhani yabwino. Dzanja langa linali pabondo, ndipo ndisanazindikire, chala chachikulu chinayamba kuyenda pa zinzake. Juni. Meyi. Epulo. Malichi. Kodi mu Malichi ndinali kuti? Kodi si mwezi umene ankapitabe kuloji?

Nditadzutsa mutu ndinapeza akuyang'ana dzanja langalo.

“Malizani,” anatero.

“Ayi, ine ndimangoti…”

“Malizani kuwerenga, bambo. Mukapeza yankho mundiuze, ndidziwe ngati ndikutsika phiri lino ndi mwamuna kapena ndekha.”

Yankho linalipo, ndipo linali loonekeratu. Malichi yense ndinali pakhomo, tinkakumba kachewere limodzi, mvula n'kumatitsekera m'nyumba masana onse. Ndinamuuza choncho. Ndinapepesa, ndinapepesanso, mpaka mawu anatha kukoma. Anangogwedeza mutu. Tinatsika limodzi, iye patsogolo, ine pambuyo nditanyamula juzi yake dzuwa litatentha. Kwa gaidi ndinakapepesa Lachiwiri lotsatira, ndipo anandilandira bwino n'kundithandiza kutsitsa thumba panjinga, zomwe zinandiwawa kuposa akanandithamangitsa.

Miyezi yotsalayo ndinakhala ndi mantha amene sindinawamvepo. Nkhani inali itafala midzi yonse chifukwa cha pakamwa panga, ndipo mkazi wanga akangoti “mayo” pang'ono, ine thukuta. Ndinasenza madzi, ndinasinja, amuna anzanga n'kumandiseka kuti ndadyetsedwa.

Mwana anabadwa mu Disembala, wamkazi, wamphumphu, mlomo wake wabwinobwino, tsitsi lodzaza mutu. Tsiku la ubatizo amayi anadzaza pakhomo, akupatsirana mwanayo m'manja. Ine ndinali pakhonde ndi amuna, koma ndinkamva zonse. Wina anati, “Taonani chipumichi!” Wina anati, “Makutuwa nanga? Wangotengera bambo ake ndendende, sanasiye kanthu.” Ngakhale azakhali aja anavomereza, ndipo kwa nthawi yoyamba anandiitana ndi dzina la mwana wanga.

Mkazi wanga analandira mwanayo n'kumuika kubere. Anayankha mosakweza mawu, akumukonza kachipewa.

“Eya, ndi wawo. Anachita kuwerengetsera okha.”

Amayi onse anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala za pa chisangalalo. Amuna pakhonde anasekanso n'kundimenya pamsana. Iye sanaseke, ndipo sanayang'ane kumene ndinali.